Wokanidwa Nchito Yoyendetsa Ndeke Abwerere Akagogodenso

KATETE: Dzuwa likapendeka, ana oweta ng'ombe m'mbali mwa phiri la Mphangwe amaleka masewera ao ndi kuloza kumwamba, kumene ndeke yaikulu imadutsa patali-tali, nisiya mzere woyera ngati ufa wotayika m'njira. Ku Sinda ndi ku Vubwi ana amacita cimodzi-modzi. Mukalowa m'sukulu ndi kufunsa ana nchito imene afuna kudzagwira akakula, simudzaturuka musanamve mmodzi kapena awiri akuti afuna kudzayendetsa ndeke.

Mwa ana otere, amene amafika pa khomo la kampani yaikulu ya ndeke ali ndi laisensi m'manja ndi owerengeka. Ndipo mwa owerengekawo, ambiri amabwerako ndi kalata yaifupi yonena kuti kampani yathokoza cifukwa ca kubwera kwao, koma siinathe kuwalemba nchito. Nkhani yathu ya sabata ino ikamba za kalata imeneyo, ndi zimene munthu ayenera kucita akailandira.

Tikambe poyera kuti kalata yotere imapweteka. Maphunziro oyendetsa ndeke ndi okwera mtengo koposa, ndipo banja la alimi limene lingayese kulipirira mwana liyenera kugulitsa ng'ombe, kuika pamodzi ndalama za thonje ndi nshawa za zaka zambiri, ndi kupempha thandizo kwa abale a m'tauni. Mwana akakanidwa, manyazi amamgwira, ndipo makolo amayamba kufunsana ngati cuma cao sicinangopita m'madzi. Apa ndi pamene ena amataya mtima, naleka laisensi kutha mphamvu, nayamba nchito zina. Komatu mlimi wa kuno kwathu adziwa kuti mvula yoyamba ikanama ndipo mbeu zikapserera m'nthaka, munda sautaya. Amafukula phando kuti aone cimene calakwika, nabzalanso.

MAYESO ACE NDI OTANI?

Kuti timvetse cifukwa cace anthu amakanidwa, tiyambe taona makwerero amene woyendetsa ndeke amakwera. Malamulo ace m'maiko ambiri amatsata miyezo ya bungwe la ICAO, limene likulu lace liri ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo muno m'Zambia malaisensi amapatsidwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority. Laisensi yoyamba ifuna maola osacepera 40 a kuuluka, koma siilola munthu kulandira malipiro. Yaciwiri, imene imalola munthu kugwira nchito ya malipiro, ifuna maola 200, kapena 150 kwa amene waphunzira maphunziro onse pa sukulu yobvomerezeka. Yacitatu, imene munthu ayenera kukhala nayo kuti akhale kaputeni wa ndeke yaikulu yonyamula anthu, ifuna maola 1,500 ndi zaka zakubadwa zosacepera 21. Ola liri lonse limalembedwa m'buku la maola, ndipo buku limenelo ndilo mboni ya mwini wace kuli konse kumene apita.

Kukhala ndi laisensi kumangotsegula cipata. Kampani ikaitana munthu, imamuyesa m'njira zingapo. Pali mayeso olemba okhudza nyengo, injini, malamulo a mumlengalenga ndi kawerengedwe ka mafuta ndi mtunda. Pali mayeso a pa kompyuta oona ngati maso, manja ndi maganizo zimayendera pamodzi pamene zinthu zacuruka. Pali kukhala pamaso pa akulu-akulu a kampani ndi kuyankha mafunso ao. Pali kulowa m'makina ochedwa simyuleta, amene ali cipinda ca oyendetsa ndeke comangidwa pansi, mmene woyesa angathe kuzimitsa injini imodzi, kubweretsa nkhungu kapena mphepo yamkuntho, kuti aone mmene munthu acitira zinthu zikabvuta. Potsiriza pali dokotala, amene amapima mtima, makutu, maso ndi kuona ngati munthu asiyanitsa bwino mitundu ya nyali. Kubvala magalasi kokha sikuletsa munthu, malinga aziona bwino atawabvala.

Ambiri amadabwa pomva kuti munthu angakhoze mayeso olemba, nayendetsa bwino simyuleta, koma nkukanidwa cifukwa ca khalidwe lace. Cifukwa cace cinalembedwa ndi mwazi. Pa 27 March 1977, pa cisumbu ca Tenerife, ndeke ziwiri za mtundu wa Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinagundana pa bwalo m'kati mwa nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM, munthu wodziwa nchito kwambiri, anayamba kunyamuka asanaloledwe, ndipo pamene mmodzi wa anzace m'cipindamo anafunsa ngati ndeke inayo inali itacoka m'njira, funso lace silinaimitse ulendo. Ngozi imeneyi ndi zina zofanana nayo zinaphunzitsa makampani kuti luso la manja lokha silipulumutsa anthu. Kuyambira zaka za m'ma 1980 iwo amafuna munthu womvera mau a mnzace, wosaopa kudzudzula wamkulu mwaulemu, ndiponso wobvomera msanga akalakwa. Ndipo popeza kusamvana pa wailesi kwaphetsa anthu, kuyambira mu 2008 oyendetsa ndeke za pakati pa maiko amayesedwa Cingelezi colankhula. Miyezo yace iripo 6, ndipo wosafika pa muyezo 4 saloledwa.

MAI AMENE SANATOPE

Kwa iwo amene aganiza kuti kukanidwa kamodzi ndiko kutha kwa zonse, mbiri ya Emily Howell Warner iri ndi phunziro. Mai ameneyu anabadwa mu 1939 m'mzinda wa Denver ku America. Ali mtsikana anali kugwira nchito m'sitolo, ndipo gawo lalikulu la malipiro ace linali kupita ku maphunziro a kuuluka. Pambuyo pace anakhala mphunzitsi wa oyendetsa ndeke pa sukulu ya Clinton Aviation.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayamba kufunsira nchito ku makampani akulu a Frontier, Continental ndi United. Sanamlembe. Cimene cinali kuwawa kopambana ndi cakuti anyamata amene iye yemwe anawaphunzitsa, okhala ndi maola ocepa kuposa iye, anali kulembedwa iye alikuona. Masiku amenewo kunalibe mkazi woyendetsa ndeke m'makampani akulu a dziko limenelo. Mai Warner sanakhale pansi ndi kulira. Anapitiriza kuuluka, nakwera kufikira anakhala woyang'anira sukulu yonse ndiponso woyesa ophunzira m'malo mwa boma, ndipo nthawi ndi nthawi anali kubwezanso kalata yace ataonjezamo maola atsopano.

Pofika mu January 1973 anali ndi maola okwana 7,000. Kampani ya Frontier inamuitana, nimuika m'simyuleta ya ndeke imene sanaizolowere, ndipo anapambana. Analembedwa mwezi womwewo, ndipo mu 1976 anakhala mkazi woyamba kukhala kaputeni m'kampani ya ndeke za maulendo a nthawi zonse ku America. Yunifomu yace isungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za ndeke ya Smithsonian ku Washington. Ndipo taonani, pamene Frontier inagwa mu 1986, kaputeni wochuka ameneyu anayeneranso kusamukira ku makampani ena, poyamba Continental, kenaka UPS. Anamwalira mu 2020.

Cimene tiyenera kugwira m'mbiri imeneyi ndi ici: kalata iri yonse imene iye anabweza inali yolemera kuposa yoyamba. Wobwerera ndi manja omwewo amalandira yankho lomwelo.

PAMENE COLAKWA SICIRI CAKO

Nthawi zina munthu amakanidwa popanda colakwa ciri conse. Marlon Green, munthu wakuda amene anatumikira m'gulu la nkhondo la mumlengalenga la America, anaitanidwa ndi kampani ya Continental ku Denver mu 1957. Anali ndi maola oposa 3,000 ndipo mayeso a kuuluka anakhoza, koma amene analembedwa anali azungu a maola ocepa kuposa iye. Bambo Green anakadandaula ku bungwe loletsa tsankho la m'cigawo ca Colorado, ndipo mlandu unakwera kufikira ku khoti lalikulu koposa la dzikolo, limene linaweruza momkomera mu April 1963. Anayamba kuyendetsa ndeke za Continental mu 1965, nagwira nchito kufikira mu 1978. Kucokera pa tsiku la mayeso kufika pa tsiku loyamba nchito panapita zaka 8, ndipo m'zaka zimenezo banja lace linabvutika kwambiri.

Motero tingathe kunena kuti zifukwa zokanidwira ziripo za mitundu itatu. Coyamba ndi kusakonzeka kwa mwini wace. Caciwiri ndi kucepa kwa malo, pakuti kampani ingaitane anthu ambiri oyenera pamene mipando iripo yowerengeka. Cacitatu ndi kukondera. Nzeru ndi kudziwa kuti cakugwera ndi citi, cifukwa mankhwala ace ndi osiyana. Tsoka lace ndi lakuti ambiri a ife timathamangira cifukwa cacitatu. Timati anatikana cifukwa tiribe wacibale m'kampani, mwinanso timaloza cala kwa wina wa m'mudzi kuti ndiye anatseka mwai wathu, pamene coona ndi cakuti tinasokonezeka injini itazima m'simyuleta. Munthu ayambe wadzifunsa yekha moona mtima asanaloze ena.

PHUNZIRO LA ZAMBIA AIRWAYS

Muno m'dziko lathu, kufunsiranso nchito si cinthu cacilendo kwa oyendetsa ndeke. Kampani ya Zambia Airways inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi kampani ya Alitalia ya ku Italy. Mu 1975 thandizo linayamba kucokera ku Aer Lingus ya ku Ireland. Acikulire akumbukira ndeke yaikulu ya DC-10 yochedwa Nkwazi, imene inafika mu 1984 ndipo inali kunyamula mbendera yathu kupita ku London ndi ku New York. Koma ngongole zinacuruka, ndipo mu December 1994 kampaniyo inatsekedwa. Makaputeni a imvi, amene anaoloka nyanja zazikulu kosawerengeka, anapezeka ali pa mzere pamodzi ndi anyamata, makalata ali m'manja, kufunsira malo m'makampani a maiko ena ndi kuyesedwanso ngati ophunzira.

Zotere zinacitikanso pamene Zambian Airways inaleka maulendo mu January 2009. Kwa anansi athu, Air Malawi inatha mu 2013, Air Namibia mu 2021, ndi Comair ya ku South Africa mu 2022, ndipo mliri wa Covid-19 wa mu 2020 unakhalitsa pansi oyendetsa ndeke zikwi-zikwi pa dziko lonse lapansi. Koma makomo ena amatseguka. Proflight Zambia inayambidwa mu 1991 ndi Tony Irwin, amene kale anali woyendetsa ndeke za Zambia Airways, ndipo inakula kucokera ku ndeke zazing'ono za hayala kufikira pa kukhala ndi maulendo a nthawi zonse, kuphatikizapo a ku Mfuwe m'cigawo cathu cino. Malawian Airlines inayamba kuuluka mu 2014. Ndipo pa 1 December 2021, patapita zaka 27, dzina la Zambia Airways linabwereranso mumlengalenga, boma liri ndi magawo 55 pa 100 kupyolera mu Industrial Development Corporation, ndipo Ethiopian Airlines iri ndi magawo 45.

Nchito ya ndeke imadzaza ndi kuphwera ngati mtsinje wa Luangwa. Wokanidwa m'caka ca cilala angaitanidwe m'caka ca madzi, malinga bwato lace likhale losabooka.

ZOCITA M'MIYEZI YODIKIRA

Makampani ambiri salola wokanidwa kufunsiranso mawa lace. Kawiri-kawiri amati adikire miyezi 6 kapena 12, ndipo ena amaika malire a kuyesa kangati. Coyamba tsono ndi kuwerenga bwino lamulo la kampani imeneyo ndi kulitsata. Wotumiza makalata sabata iri yonse amangodzionetsa kuti satha kumvera malangizo, limene liri khalidwe loopsa mwa woyendetsa ndeke.

Caciwiri, tsiku lomwelo la mayeso, mutu usanaiwale, munthu alembe m'kope mafunso onse amene anafunsidwa, mayankho amene anapereka, ndi pamene anaona kuti wapunthwa. Makampani ena amauza munthu cifukwa cimene anamkanira, ena sanena kanthu. Kufunsa mwaulemu kamodzi sikulakwa. Pambuyo pace atenge kope lija apite nalo kwa kaputeni wacikulire kapena kwa mphunzitsi wace wakale, pakuti safunsa anadya phula.

Cacitatu, laisensi ndi cikalata ca dokotala zisathe mphamvu. Cikalata ca dokotala cimafuna kukonzedwanso caka ndi caka, ndipo lamulo limati wonyamula anthu akhale atanyamuka ndi kutera kosacepera katatu m'masiku 90 apitawo. Amene wakhala caka cathunthu osagwira ciongolero amafika pa mayeso aciwiri ali wofooka kuposa poyamba.

Cacinai, asanyoze ndeke yaing'ono. Kunyamula alendo okaona nyama ku Luangwa ndi ku Lower Zambezi, kuphunzitsa ena, kapena kupita ku Maun m'dziko la Botswana kumene oyendetsa ndeke atsopano ambiri amaonjezera maola ao, zonsezi zimadzaza buku la maola. Ndiponso kutera pa mabwalo a fumbi m'nyengo ya mvula kumaphunzitsa munthu kuganiza yekha, cinthu cimene akulu a kampani amacimva msanga m'mayankho ace. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Afunsire ku makampani enanso, pakuti mayeso ali onse amene alowa amamzolowetsa mpando wa mafunso.

Cacisanu, acize cironda ceni-ceni. Ngati linali bvuto la simyuleta, alipire maola angapo a kuyeseza ndi mphunzitsi. Ngati cinali Cingelezi, awerenge mokweza, amvetsere wailesi ndi kulankhula tsiku ndi tsiku. Ngati anali mantha, apemphe anzace amkhazike pa mpando ndi kumfunsa mafunso obvuta kufikira lilime litamasuka. Ana athu a kumudzi amaleredwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso ndiponso asamtsutse. Ulemu umenewu ndi cuma, koma m'cipinda ca oyendetsa ndeke wamng'ono ayenera kunena poyera akaona kuti kaputeni alikulakwa. Ulemu ndi kulimba mtima ziyenera kuyendera pamodzi, ndipo zimenezi zimaphunziridwa.

Cacisanu ndi cimodzi, asunge pakamwa. Oyendetsa ndeke m'cigawo cino ca Africa ndi ocepa ndipo amadziwana. Wonyoza kampani m'mabawa kapena pa Facebook adziwe kuti kaputeni amene wamtukwana lero ndiye angadzakhale pa mpando wa mafunso caka camawa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Potsiriza, tsiku laciwiri likafika, asabise kuti anayesapo kale, pakuti kampani imasunga mafaelo, ndipo bodza limodzi pa cikalata kapena m'buku la maola limatseka khomo kwamuyaya. Funso lidzabwera ndithu lakuti, kodi wacitapo ciani cicokere pano? Yankho labwino ndi la zinthu zooneka: maola akuti aonjezeka, mayeso akuti ndakhoza, colakwa canga cinali cakuti ndipo ndacikonza motere. Munthu wotha kuchula colakwa cace mosacita manyazi ndi amene anthu 100 angampatse miyoyo yao.

MAU KWA MAKOLO NDI APHUNZITSI

Inu makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mwana akabwera ndi kalata yokana musamlandire ndi mau akuti ng'ombe zathu zinapita pacabe. Iye adziwa kale mtengo wa ng'ombe zimenezo ndipo usiku sagona. Mfunseni cimene waphunzira, ndi tsiku limene adzayesanso. Cenjeraninso ndi anthu acinyengo amene amati mukawapatsa ndalama adzamlowetsa mwana pa khomo la kumbuyo. Ndeke iribe khomo lotero.

Inu aphunzitsi, ku Chassa, ku Katete, ku Vubwi ndi m'sukulu zonse za sekondale, uzani ana kuti ulendo wa kumwamba umayambira pa masamu, sayansi ndi Cingelezi. Auzeninso za njira zimene ziripo: sukulu ya ZASTI ku Lusaka imene inakhazikitsidwa kuphunzitsa anchito a za ndeke, gulu la Zambia Air Force, ndi sukulu za ku South Africa ndi ku Addis Ababa. Asanalipire ngwee iri yonse, ayambe apimidwa ndi dokotala wobvomerezeka wa za ndeke, kuti banja lisataye cuma pa mwana amene thupi lace silingaloledwe. Atsikana nawonso asatsalire. Mu 2016 Besa Mumba anayamba kuyendetsa ndeke za Proflight Zambia ali ndi zaka 19 zokha.

Tinenenso coonadi cina, kuti si onse obwerera amene adzalembedwa. Ena adzayesa kawiri, katatu, khomo osatseguka. Otere asadzione ngati otayika, cifukwa ndeke siuluka ndi oyendetsa okha. Pafunika amisiri a injini, olamulira ndeke pa nsanja, odziwa za nyengo, okonza mapulani a maulendo ndi aphunzitsi, ndipo munthu wodziwa kuuluka ali ndi poyambira pabwino m'nchito zonsezi. Koma kusankha njira yina utayesa ndi mphamvu zako zonse ndi kosiyana ndi kuthawa cifukwa ca kalata imodzi.

Kucokera ku Katete kufika ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupi-fupi 500 pa mseu wa Great East. Mwana wathu amene anauyenda kamodzi, nakhala pamaso pa akulu-akulu a kampani, njira aidziwa tsopano, ndipo mafunso ao wawamva ndi makutu ace. Apukute misozi, atsegule buku la maola, awerenge miyezi, ndipo nthawi ikakwana akwerenso basi.